Masiku asanu ndi limodzi pamtsinje wa trout, masamba akuyoyoka

Tsiku loyamba, kumtunda kwa mlatho

Msewu wa galimoto umathera pamlatho. Kuchokera apo ndi kanjira ka miyendo kotsata gombe, koterera chifukwa masamba onyowa aunjikana pamatope. Tinayenda mphindi 40 katundu ali kumsana, ndipo titafika padziwe loyamba ndodo sitinazitulutse msanga. Choyamba kulowa m'madzi chinali themomita. Timaimangirira kukachingwe, kuimiza pamthunzi pomwe madzi akuyenda, n'kudikira mphindi imodzi. Pa 8 koloko inaonetsa madigiri 7.

Trout ndi nsomba ya madzi ozizira, koma kuzizirako kuli ndi malire. Imadya mwakhama madzi akakhala pakati pa madigiri 10 ndi 16. Pa 7 imangokhala phee pansi, yosafuna kuthamangira chilichonse. Kupitirira 20 mpweya umachepa m'madzi, ndipo nsomba imene mwalimbana nayo n'kuibweza ikhoza kufa pambuyo pake. M'nyengo yotentha msodzi amalawirira m'mamawa. M'nyengo ino, imene kumayiko a kumpoto imagwa pakati pa Seputembala ndi Novembala pamene kummwera ndi Marichi mpaka Meyi, kulawirira n'kudzizunza chabe. Madzi amafunda cha m'ma 11 koloko n'kuyambanso kuzizira cha m'ma 4.

Podikira dzuwa tinakhala pachipika n'kumamanga zida. Munthu wozolowera nyongolotsi ndi kachitsulo kolemera amadabwa ndi usodzi uwu. Nyambo yake, imene asodzi amaitcha fly, ndi mbedza yovekedwa nthenga, ubweya ndi ulusi kuti ioneke ngati kachilombo. Ndi yopepuka moti simungaiponye ngakhale mapazi atatu. Cholemera ndi chingwe, ndipo chingwecho ndicho chimanyamula nyambo kukaitula pamadzi. Tili ndi ndodo ya mapazi 9 ya nambala 5. Nambalayi ikutanthauza kuti mapazi 30 oyambirira a chingwe chake amalemera pafupifupi magalamu 9. Mukaika chingwe chopepuka pa ndodo yolimba, ndodo siipinda, ndipo mumangotopetsa phewa.

Kumapeto kwa chingwe timalumikiza leader, nayiloni wa mapazi 9 wonenepa kumtunda ndi wowonda kumunsi, kenako kachidutswa kowonda kwambiri kotchedwa tippet. Kunenepa kwa tippet amakulemba ndi X, ndipo nambala ikamakwera ulusi umawonda: 3X ndi mamilimita 0.20, 5X ndi 0.15, 6X ndi 0.13. Mbedza nazonso zili chimodzimodzi, ya 18 ndi yaing'ono kuposa ya 12. Njira yosavuta n'kugawa nambala ya mbedza ndi 3. Mbedza ya 12 imafuna 4X, ya 18 imafuna 6X.

Lero tagwira imodzi yokha, kansomba ka masentimita 20, nthawi ya 1 koloko madzi atafika pa 10. Zala zachita dzanzi.

Tsiku lachiwiri, pomwe madzi amathamanga pamiyala

Tisanasankhe nyambo tinagubuduza miyala isanu ya m'madzi osaya. Pansi pake panali tizilombo tating'ono takuda ndi tobiriwirako, ta michira itatu, totalika ngati njere ya mpunga, komanso timphutsi tokhala m'tinyumba ta mchenga. Ana a tizilombo amenewa, ma nymph, ndiwo chakudya chachikulu cha trout chaka chonse. Nsomba yodumpha pamwamba ndi yosangalatsa kuona, koma kudya kwambiri kumachitikira pansi.

Tinamanga nyambo ziwiri zofanizira ma nymph. Kumtunda Hare's Ear ya nambala 14 yokhala ndi kamkanda kolemera kumutu, kumunsi Pheasant Tail ya 18, pakati pake tippet wa masentimita 45 womangidwa pomwe mbedza yoyamba yapindira. Pheasant Tail anaiyambitsa Frank Sawyer, amene ankasamalira mtsinje wa Avon ku England, ndipo ankaimanga ndi nthenga za mchira wa mbalame ya pheasant ndi kawaya ka kopa basi, popanda ulusi. Imamira msanga chifukwa ndi yowonda.

Kumtunda kwa nyambo timaika kachizindikiro koyandama. Mtunda wochokera pa chizindikiro kufika pa nyambo uzikhala kuya kwa madzi kamodzi ndi theka, ndipo madzi akakhala othamanga kwambiri, kawiri. Pano madzi afika m'chiuno, pafupifupi mita imodzi, ndiye tinaika mita ndi theka. Ngati mwaponya kakhumi osakodwa pansi ngakhale kamodzi, nyambo yanu ikudutsa pamwamba pa mitu ya nsomba. Onjezerani kamtovu kamodzi kakang'ono masentimita 25 kumtunda kwa nyambo yoyamba. Ngati mukukodwa nthawi iliyonse, chotsani. Anthu ambiri amathamangira kusintha nyambo pamene vuto ndi kuya.

Malo oponya ndi pomwe madzi othamanga akumana ndi odekha. Mzerewo umaoneka chifukwa thovu ndi masamba zimatsata pamenepo. Nsomba imaima mbali yodekha kuti isatope, n'kumasuzumira mbali yothamanga yomwe ikubweretsa chakudya. Timaponya kumtunda mopingasa pang'ono, ndipo chingwe chikangogwa timachitembenuzira kumtunda ndi nsonga ya ndodo, ngati munthu wotembenuza chingwe chodumphira, kuti madzi a pakati asachikoke. Mukapanda kutero chingwe chimachita mimba, chimakoka chizindikiro, nyambo imanyamuka pansi n'kumathamanga kuposa madzi. Nsomba imangoiyang'ana.

Chizindikiro chikaima, chikapendekeka kapena chikangozengereza, kwezani ndodo. Nthawi zambiri ndi mwala kapena tsamba. Masamba lero atisautsa kwambiri. Mphepo ikangowomba mtsinje umadzaza, ndipo pafupifupi kuponya kwachitatu kulikonse kumabwera ndi tsamba pambedza. Palibe mankhwala ake, kupatula kuyang'ana nyambo kawirikawiri ndi kusankha mbali imene mphepo ikuchokera. Komabe tagwira zisanu, zonse pa Pheasant Tail, zonse pakati pa 12 ndi 3 koloko.

Tsiku lachitatu, padziwe lalitali

Kunacha ndi mitambo yotsika ndi kamvula kowaza. Kwa wina aliyense ndi tsiku logona m'nyumba. Kwa msodzi wa nyengo ino ndilo tsiku limene amaliyembekezera, chifukwa tizilombo ta mtundu wa Baetis, ta thupi lobiriwirako ndi mapiko otuwa, timatuluka tambiri kukakhala chonchi. Mapiko ake amachedwa kuuma kukazizira, motero timayandama nthawi yaitali tisanauluke, ndipo nsomba zimangotola.

Tinadikira maola atatu pansi pa mtengo osaona kanthu. Kunena zoona ndinali nditataya mtima, mapazi osamvekanso. Cha m'ma 1:30 tizilombo tinayamba kuoneka, timodzitimodzi, ngati timabwato ta matanga. Posakhalitsa padziwe panayamba kuoneka timizere tozungulira.

Musathamangire kuponya. Onani kaye mmene nsomba ikudyera. Ikatulutsa mphuno n'kusiya kathovu, yatola kachilombo pamwamba penipeni. Mukaona msana ndi mchira koma mphuno osaoneka, ikudya timene tikadali pansi pang'ono pa madzi, tisanamasule mapiko, ndipo nyambo youma, yoyandama pamwamba pa madzi, idzangodutsa. Ife tinaona mphuno, ndiye tinamanga Adams ya nambala 18, nyambo imene Leonard Halladay anaimanga koyamba ku Michigan mu 1922 ndipo mpaka lero imafanana ndi tizilombo tambiri totuwa. Tinaipaka mafuta oyandamitsa pang'ono chabe. Mukachulukitsa, nthenga zimamatana ndipo nyambo imamira.

Kwa theka la ola nsomba zinkabwera, kuyang'ana, n'kubwerera. Bambo wina wachikulire amene ankawedza kumunsi anatulukira, n'kuima kumbuyo kwathu mwakachetechete. Titapatsana moni anati, "Achimwene, nyambo yanuyo ilibe mlandu. Taonani thovu lili pambali pakelo. Thovulo likuyenda mwa ilo lokha, nyambo yanu ikulipitirira." Tinayang'anitsitsa, ndipo zinali zoona: kukoka kwake kunali kochepa moti pamadzi sipankaoneka mzere. Anatulutsa 6X m'thumba mwake, kudula mita yathunthu, n'kutipatsa. Titathokoza anangoti, "Zikomo, pitirizani," n'kutsika.

Tippet wautali amagwa mopindapinda, ndipo mapindikidwe amenewo amapatsa nyambo masekondi awiri kapena atatu oyenda ndi madzi chingwe chisanawongoke. Masekondiwo ndi okwanira. Polumikiza tinagwiritsa mfundo yosavuta: kugoneka ulusi uwiri pamodzi masentimita 15, kupanga lupu, kulowetsa kawiri, kunyowetsa ndi malovu, n'kukoka nsonga zonse zinayi pamodzi. Mfundo youma imatentha pokoka ndipo nayiloni amafooka.

China n'choti m'nyengo ino madzi amakhala ochepa ndi oyera, ndiye nsomba imaona msanga. Imaona za kunja kudzera pa bwalo lozungulira lili pamwamba pake, lotambalala kuposa pang'ono kuya kwake kawiri. Nsomba ya pa mita imodzi ili ndi bwalo la mamita 2.3. Zinthu zotsika pafupi ndi madzi imaziona zophwanyika ndi zosamveka bwino, n'chifukwa chake timagwada. Timayandikira kuchokera kumunsi popeza nsomba imayang'ana komwe madzi akuchokera. Dzuwa likatuluka limakhala lotsika, ndipo chithunzithunzi cha munthu chimatalika mpaka tsidya lina. Chikadutsa padziwe, dziwe lonse limakhala zii.

Nsomba ikatola nyambo youma musakoke nthawi yomweyo. Dikirani itembenuze mutu kuloza pansi, kenako kwezani ndodo mofatsa. Ndi 6X, kukoka mwamphamvu kumadula. Tinagwira zinayi. Yaikulu inali ya mtundu wa brown trout, ya masentimita 38, mimba yachikasu ngati batala, madontho ofiira ozunguliridwa ndi mzere wotuwa. Mbedza zathu zonse tinazifinya kamnga kake ndi pulayala, motero kuchotsa kunatenga masekondi ochepa nsomba ili m'kaukonde m'madzi. Manja azinyowa musanaigwire kuti musachotse kuterera kwa pakhungu komwe kumaiteteza ku matenda. Zala zisalowe m'ziwalo zake zopumira. Poibweza iyang'anitseni komwe madzi akuchokera, mpaka ichoke yokha.

Pa 3:15 tizilombo tinatha, ngati wina watseka chitseko.

Tsiku lachinayi, pakhonde la miyala

Mvula yagwa usiku wonse. Mtsinje wakwera pafupifupi masentimita 30 ndipo wada ngati tiyi wopanda mkaka. Titaimika phazi m'madzi ofika m'mawondo nsapato inkaonekabe, kutanthauza kuti kuwedza n'kotheka. Ikasowa m'madzi ofika m'katumba, bwererani.

Madzi otere ndi a nyambo yaikulu yofanizira kansomba, imene amaitcha streamer. Brown trout imaswana kumapeto kwa nyengo ino ndi kuchiyambi kwa nyengo yachisanu, ndipo masabata a m'mbuyo mwake zazimuna zimalusa. Chibwano chakumunsi chimapinda ngati mbedza, ndipo zimathamangitsa chilichonse chodutsa m'dera lawo. Tinachotsa leader wautali n'kuika wa mita ndi theka wothera pa 2X, ndi streamer yakuda yotchedwa Woolly Bugger ya nambala 6. M'madzi akuda nyambo yakuda imaoneka bwino kuposa yowala.

Timaponya kutsidya, pafupi kwenikweni ndi gombe, pansi pa mizu ndi zipika, chifukwa madzi akakwera nsomba zimathawira m'mbali. Kuwerenga mpaka 3 kuti imire, nsonga ya ndodo pansi pafupi ndi madzi, kenako kukoka chingwe ndi dzanja masentimita 20 kapena 30, kupumira, kukokanso. Kawirikawiri imaluma pa kupumirapo. Ikaluma, dzanja limafuna kukweza ndodo monga dzulo, ndipo potero mumaizula nyambo m'kamwa. Kokani chingwe mwamphamvu ndodo ili pansi, ndipo mukweze pokhapokha mwamva kulemera. Ziwiri zinatipulumuka chifukwa cha chizolowezi cha dzulocho. Mukaponya kawiri pamalo amodzi popanda kanthu, tsikani mapazi atatu. Valani chipewa ndi magalasi, nyambo yolemera ikaphonya njira imabwera kumutu.

Masana tinafuna kuwolokera tsidya lina. Pali kawerengedwe kamene oyeza mitsinje amagwiritsa ntchito: kuya kwa madzi m'mamita kuchulukitsa ndi liwiro lake m'mamita pa sekondi, yankho likafika pa 1 musalowe. Tinaponya kamtengo, kanayenda mamita 5 m'masekondi 4. Kuya pakati kunali ngati masentimita 70. Yankho 0.9, pafupi kwambiri ndi malire. Ndinalowa mpaka m'ntchafu, ndikumva nsangalabwi zikuchoka pansi pa mapazi, ndipo mtima unagunda kukhosi. Tinabwerera n'kuzungulira kumlatho, ulendo wa ola limodzi.

Mukamawoloka madzi abwinobwino, lamba wa waders, thalauza losalowa madzi lovala powedza, azimangidwa zolimba m'chiuno kuti madzi asadzaze m'miyendo mukagwa. Ndodo yoyendera ikhale mbali ya kumtunda. Thupi lipereke nthiti kumadzi, osati chifuwa. Sunthani phazi limodzi, likhazikike, kenako linalo, miyendo osaipingasa, ndipo muziloza tsidya motsika pang'ono. Mukagwa gonani chagada mapazi kutsogolo, n'kupalasira kumbali. Zovala zouma m'chikwama chosalowa madzi si katundu wongolemetsa.

Imodzi yokha lero, koma ya masentimita 46.

Tsiku lachisanu

Chisanu chinagwa usiku, udzu mbuu. Mlengalenga mwayera, mphepo yamphamvu ikuwomba kuchokera kumtunda. Ziwala ndi nyerere zimene zinkagwera m'madzi masabata apitawa zatha ndi chisanucho, ndiye nyambo zofanizira izo zabwerera m'bokosi. Madzi madigiri 6, ndipo sanapitirire 8 tsiku lonse.

Sitinagwire kanthu. Tinangopindula kuona zolakwika za kaponyedwe, zomwe mphepo imazionetsa poyera. Timfundo tongodzimanga tokha pa leader anthu amati ndi mphepo, koma chenicheni ndi dzanja lokankha mwadzidzidzi poyambira, nsonga ya ndodo n'kutsika, chingwe n'kudzipingasa. Kamfundo kamodzi kotere kamafooketsa nayiloni kwambiri, ndiye dulani mumangenso. Mukamva kulira ngati chikwapu kumbuyo, mwabweza ndodo chingwe chisanawongoke, ndipo mwina nyambo yaduka kale. Ndodo iziyamba pang'onopang'ono, kuthamanga, n'kuima mwadzidzidzi, kumbuyo ndi kutsogolo komwe. Ulusi ukabwera wopanda nyambo, onani nsonga yake. Yopotana ngati mchira wa nkhumba ndiye kuti mfundo inamasuka, mwina pomanga mbedza munazunguliza ulusi kosakwana kasanu. Yoduka mosalala ndiye kuti unakhulika pamwala kapena panali kamfundo.

Tinachoka pa 2 koloko, otopa ndi okwiya pang'ono.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, kumtunda kwenikweni

Mphepo yaleka. Tinakwera maola awiri mpaka pomwe mtsinje umachepa n'kukhala wa mamita anayi m'lifupi. Kanjira kano ndi ka nyama, kodutsa m'zitsamba zokola chingwe, ndipo ndi bwino kunyamula ndodo nsonga italoza kumbuyo. Mitengo yapanikiza gombe moti kuponyera kumbuyo n'kosatheka. Timakokera chingwe pang'onopang'ono mpaka chilendewere kumbuyo kwa phewa, nsonga yake ikadali pamadzi, n'kukankha ndodo kutsogolo kuti chingwe chigubuduzike pamwamba pa madzi.

Kumchira kwa dziwe lachitatu, pomwe madzi amasaya asanatsike, panali chigamba choyera pakati pa nsangalabwi zakuda ndi ndere. Kutalika kwake ngati mita, kutsogolo kadzenje, kumbuyo kamulu. Chimenecho ndi chisa. Yaikazi imagona cham'mbali n'kumenya miyala ndi mchira mpaka kukumba, imaikira mazira, yaimuna imathira umuna, kenako yaikazi imakumbanso kumtunda pang'ono kuti miyala ikwirire mazirawo. Amakhala m'kamuluko miyezi ingapo, akupuma ndi madzi odutsa m'mipata ya miyala. Nsapato imodzi ikaponda pamenepo imaphwanya mazira ambirimbiri, ndipo matope ovundulidwa kumtunda amatseka mipata ija. Titakhala chete tinaziona nsomba ziwiri pachisapo, yaimuna ili kumbuyo pang'ono, ikuthamangitsa kanzake kakang'ono.

Nsomba ya pachisa siiponyedwa nyambo. Ndi yosavuta kuigwira chifukwa siichoka, ndipo kulimbana nayo kumaidyera mphamvu zoswanira. Pachifukwa chimenechi mitsinje yambiri imatsekedwa nyengo ino isanathe. Ku Scotland, mwachitsanzo, brown trout amaloledwa kuiwedza kuyambira pa 15 Marichi mpaka pa 6 Okutobala. Madeti amasiyana dziko ndi dziko, ngakhale mtsinje ndi mtsinje, ndiye chilolezo chiziwerengedwa ulendo usanayambe. Rainbow trout, mtundu wina wa trout, yambiri imaswana chisanu chikamatha, ndipo m'mitsinje yokhala ndi mitundu yonse iwiri mumaipeza itaima m'madzi akuya kumunsi kwa zisa, ikutola mazira okokoloka.

Tinatuluka m'madzi n'kuyenda pagombe. M'mamita 200 otsatira tinawerenga zisa zisanu ndi ziwiri. Tinapinda ndodo pomwepo, 1 koloko isanakwane, ngakhale madzi anali atafika pa madigiri 10.

Pamlatho tinatsuka nsapato ndi burashi, kuchotsa matope ndi ndere zonse m'mizere ya kuphazi ndi m'zingwe. Tizilombo toyambitsa matenda a nsomba ndi ndere zowononga mitsinje zimayenda ndi zida zonyowa. New Zealand inaletsa nsapato zokhala ndi felt (nsalu yokhuthala yonga ya ubweya) kuphazi kwa owedza m'madzi opanda mchere mu 2008 chifukwa cha ndere yotchedwa didymo, popeza felt imachedwa kuuma. Waders timawatembenuza kunja kuti aume mkati kaye, kenako kunja, ndipo zonse zikauma gwa zikhalebe maola 48 zisanalowe mumtsinje wina. Chingwe timachitulutsa chonse pa reel, kagudumu kokulungirapo chingwe, kuchipukuta ndi kansalu ka madzi a sopo ofunda, n'kuchikulunga momasuka. Bokosi la nyambo ligone lotsegula usiku uno, apo ayi mbedza zichita dzimbiri.